Schist kapena gneiss? Mapu anga asokonekera kuphiri kuno

Wophunzira_geo:
Abale thandizeni. Ndili pa mapping (kujambula mapu a miyala) kuphiri sabata yachiwiri ino koma zinthu sizikuyenda. Miyala ina ili ndi mizeremizere yoyera ndi yakuda, ina ikunyezimira ndipo ukaimenya ndi hamala ikungosendeka tizipepala. Ndayeza strike ndi dip (komwe mizere ya thanthwe yalunjika ndi mmene yapendekera) malo asanu, manambala onse osagwirizana, mapu angokhala ngati papalasa nkhuku. Ndikuphonya pati?

Mkulu_Thanthwe:
Funso langa kaye, miyala mwayezayo ndi thanthwe lenileni kapena ndi zimiyala zogubuduzika kuchoka pamwamba? Kuphiri zimapusitsa zimenezi, chimwala chachikulu ngati nyumba koma chinachita kugwa kalekale nkutembenuka, ndiye ukayeza pamenepo wangotaya nthawi. Tsikirani mumtsinje, madzi amakhala atatsuka dothi lonse, thanthwe lili poyera. Kampasi isayandikire hamala, komanso mwala ukakhala ndi magnetite (msapulo wa chitsulo wokoka ngati maginito) singano ya kampasi imasochera.

Nachisale22:
Yosendekayo ndi schist, kunyezimirako ndi mica (tizipepala tonyezimira ta mumwalamo) yomwe inagona mbali imodzi chifukwa chopanikizika. Ya mizere ndi gneiss, zoyerazo ndi quartz ndi feldspar, zakudazo biotite kapena hornblende, ndipo siyisendeka wamba. Koma musamangothera pa dzina achimwene, tengani lens (kagalasi kokuzira zinthu) muone timchere (tizinthu topanga mwalawo) tili mkatimo. George Barrow anachita zomwezo ku mapiri a ku Scotland, mu 1893 anaonetsa kuti ukamayenda mchere umasintha malinga ndi mmene mwalawo unapsera pansi. Mndandanda wa mcherewo womwe timaphunzira lero, kuyambira komwe kunatentha pang'ono, ndi chlorite, biotite, garnet, staurolite, kyanite, kenako sillimanite komwe kunatentha zedi. Mukaona timibulu tofiirira ngati tinthanga mu schist, ndi garnet ameneyo, lembani pa mapu pomwe mwayamba kumuona. Kyanite ndiye amandisangalatsa ine, wabuluu, mpeni umamukanda motsata utali wake koma mopingasa umakanika.

Mkulu_Thanthwe:
Ndionjezereko, manambala kusiyana sikuti nthawi zonse walakwitsa ayi. Miyala imeneyi inapindika ili yotentha, ndiye mbali ino ikhoza kupendekera kummawa, kutsidya kumadzulo. Malo asanu ndi ochepa, yezani 30 kapena 40 ndiye kupindikako kuonekera kokha.

Wophunzira_geo:
Ndabwerera mmawa uno, atatu mwa asanu aja anali ogubuduzika ndithu, manyazi bwanji. Mumtsinje ndapeza thanthwe lalitali bwino ndipo garnet alimo mbwee, ena aakulu ngati chikhadabo. Nsapato zanyowa koma manambala ayamba kugwirizana. Staurolite ndiye amaoneka bwanji?