Pudding ya buledi ndi eggnog yatheka

Ndinafunsa ngati eggnog (chakumwa cha mkaka, mazira ndi shuga) yogula m'sitolo ingalowe m'malo mwa mkaka popanga pudding ya buledi ya pa Khirisimasi, komanso ngati m'pofunikabe kuswera mazira poti eggnog ili nawo kale. Pa zonse ziwiri yankho ndi inde.

Eggnog ya m'mapaketi, yomwe imadzaza m'masitolo a ku America ndi Canada mu Novembala ndi Disembala, imakhala ndi dzira lochepa, lokwanira kukometsa chakumwa koma osati kugwiritsa pudding. Choncho pa makapu 2 a eggnog ndinaswera mazira 3. Shuga masupuni 2 basi, chakumwacho n'chotsekemera kale. Nutmeg, mtedza wonunkhiritsa zakudya, ndinapala watsopano, chifukwa fungo la wa m'paketi limazilala mu uvuni.

Nkhani yagona pa buledi. Wofewa wa lero amangosanduka phala. Ndinatenga brioche (buledi wa batala ndi mazira) wogona, magalamu pafupifupi 400, n'kumudula timabokosi, n'kumusiya amwe madziwo kwa mphindi 30. Kenako mu uvuni wa 180°C kwa mphindi ngati 45. Pamwamba pakayamba kuderera msanga, vindikirani ndi foil. Yapsa mpeni ukatuluka pakati wopanda madzi. Amene muli ndi choyezera kutentha, pakatipo pafike 71°C.

Mutha kunyika usiku n'kuika mu fuliji, m'mawa n'kungophika, ndipo kwa ine imakoma kwambiri motero. Msuzi wa batala ndi mowa wa rum ndinauika pambali chifukwa cha ana.