Habu ya kumbuyo ya njinga yandithera ndalama, ndisinthe kapena ndizingokonzetsa?

Moni nonse m'gulu muno. Ndimakhala ku Mabvuku kuno ku Harare, ntchito ndimagwira ku Msasa, ndipo chaka chino ndinasiya kombi n'kuyamba kupalasa. Njingayo ndi mountain bike yogula kwa munthu, matayala a mainchi 26, magiya 7 kumbuyo.

Chikundisowetsa mtendere ndi habu ya kumbuyo, chitsulo cha pakati pa gudumu chimene masipoko amakolekako. Ndikakonzetsa imayenda bwino masabata atatu kapena anayi, kenako gudumu limayamba kugwedera, mkatimo n'kumakukuta ngati muli mchenga. Makaniko atamasula anandipatsa koni, kanati kosongoka kamene kamapanikiza maberingi, kuti ndiione ndekha: mzere umene maberingi amayendamo unali timaenje tokhatokha, girisi itafiira ngati katondo. Ekiselo, chitsulo chodutsa pakati pa habu, ndasintha kawiri. Yachiwiriyo inathyoka Lachinayi madzulo mumsewu wa Mutare, mbali ya tcheni, ndipo ndinafika kunyumba ndikukankha njinga usiku, ana atagona kale.

Ndisabise, kwathu madzi timatunga pa mjigo, ndiye m'mawa ndimanyamula zigubu ziwiri za malita 20 pa kaliyala. Njingayi ndiyo miyendo yanga, sindingaitaye. Amene mumazidziwa ndithandizeni: vuto ndi makaniko, zipangizo, kapena ineyo?

Mkulu wina wa ku Highfield: Achimwene, choyamba tiuzeni, magiya anuwo ndi fuliwilo yomanga ndi mazinga kapena ndi kaseti, ija yongolowetsa pa habu n'kuitsekera? Ndikuganiza kuti ndi fuliwilo. Habu yotereyi beringi yake ya mbali ya tcheni imakhala mkati kwambiri, kuti fuliwilo ipeze malo. Ndiye kuchokera pa beringiyo kukafika pa felemu pamatsala ekiselo yaitali yopanda choigwira. Inuyo, zigubu za makilo 40, kuwonjezerapo maenje a mumsewu, zonse zikutsamira pamenepo. Imayamba ndi kupindika pang'ono, koni n'kukhala mopendekeka, n'kudyeka mbali imodzi, mapeto ake n'kuthyoka. Pa habu ya kaseti, monga za Shimano, beringi ija anaisunthira kunja, pafupi ndi felemu, n'chifukwa chake ekiselo yake sipindika chisawawa. Makaniko wanu musamuda, akukonza chinthu chimene katundu wake waposa.

Mayi wa ku Mufakose: Komanso mumaitsuka bwanji? Yanga ndinkapita nayo kotsukira magalimoto nthawi ya dzinja, madzi amphamvu aja ankalowa mpaka mkati n'kuchotsa girisi. Girisi yofiira mukunenayo ndi dzimbiri limenelo. Chidebe ndi kansanza basi.

Wofunsa: Akulu, mwalasa. Ndi fuliwilo, ndayang'ana. Mayi, inunso mwandigwira, ndimaipopera ndi payipi ikadzadza matope.

Mnyamata wa ku Dzivarasekwa: Ingogulani habu ya maberingi omata, a sealed aja. Palibe zomangitsa makoni. Akatha mumangogogoda n'kuikamo ena, nambala yake imalembedwa pa rabala, monga 6902 kapena 6000.

Mkulu wa ku Highfield: Mwana wanga, omatawo si oipa, koma alipo mahabu omata amene ndi a fuliwilo ndithu, ndipo ekiselo yake imapindika chimodzimodzi. Chofunika apa ndi pamene beringi yakhala. Ine ndimakondabe ya makoni chifukwa ndi masipanala awiri, palafini ndi girisi, munthu umaikonza pakhonde. Kumbuyo kumalowa maberingi 9 mbali iliyonse, a kota inchi. Musasakanize akale ndi atsopano. Ndipo achimwene, musanawononge ndalama ina, pisani chala mu kapu ya habu yanuyo, mmene maberingi amakhala. Ngati namonso muli timaenje, habuyo yatha, ngakhale muike makoni atsopano angati.

Wina wa ku Mbare: Mukapita kogula habu nyamulani gudumu lanu lonse. Werengani mabowo a limu, 32 kapena 36, habu igwirizane nawo. Yezaninso mpata wa felemu kumbuyo, njinga zotere zambiri ndi mamilimita 135. Masipoko akale mwina sakwana utali, konzekerani. Fuliwilo yanu silowa pa habu yatsopanoyo, mufunika kaseti, ndipo ya magiya 7 ikakhala pa habu ya 8 pamafunika kawashala ka mamilimita 4.5 kumbuyo kwake. Nthawi zina gudumu lathunthu logwiritsidwapo kale limatsika mtengo kuposa kulukitsa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Usiku ndamasula ndekha, ndapukuta kapu ndi palafini n'kuunika ndi tochi ya foni. Ya mbali ya tcheni yakumbika mozungulira, chikhadabo chikuchita kukodwamo. Ndiye zokonzetsa ndasiya, malipiro akatuluka ndikafuna gudumu la kaseti, ndipo zigubu ndizinyamula chimodzichimodzi. Limu yanga ndi ya mabowo 32. Akulu a ku Highfield, poti madzi sindisiya kutunga, kodi 32 ipirira, kapena ndilimbe mtima ndifune ya 36?