Za dzina lija la Smith, yankho ndalipeza

Sabata yatha ndinafunsa komwe dzina la Smith linachokera, poti mlamu wanga ku Birmingham wakwatiwa ndi mwamuna wa dzinali. Zikomo nonse amene munayankha.

Ndapeza kuti limatanthauza wosula zitsulo. Kalekale ku England pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi wosula mipeni, zikwanje ndi nsapato za akavalo, ndiye dzina la ntchito linasanduka la banja. N'chifukwa chake a Smith ambiri si pachibale, ngakhale amalume anga akuumirirabe kuti onsewo ndi a mtundu umodzi.

Ku England ndilo dzina lofala kuposa onse. Ku America kalembera wa 2010 anapeza a Smith oposa 2.4 miliyoni. Ku Germany amati Schmidt, tanthauzo n'lomwelo.