Mwini galeriya akufuna 30% pa buku lililonse, nditani?

Nachisale, Ulongwe: Alembi anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Loweruka lino tili ndi macheza a mabuku pa kagaleriya ka zojambulajambula kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, alembi atatu, ine ndi buku langa la nthano. Lero mwini malo akuti 30% pa kope lililonse ndi yake, otsala ndimusiyire pa shelefu azigulitsa yekha. Kope limodzi landidyera 190 MT (meticais, ndalama zathu), kulipira gráfica (osindikiza mabuku) ya ku Tete ndi chapa (minibasi) yomwe. Ndikagulitsa 300, iye 90, ine 20. Ya mchere? Mipando ndabwereka ndine, sipika ndine. Ndikweze mtengo kapena ndikane?

aJere: Musakweze, musakane. Buku likhale tikiti yapakhomo. Wolowa agule kaye, macheza pambuyo.

Mphunzitsi wa ku Dómuè: A Jere, khomo la galeriya simungatseke, ojambula nawo akufuna anthu aone ntchito zawo. Mayi, 30% imeneyo ndi ya zithunzi, poti chithunzi chimadya khoma miyezi. Tebulo la masana amodzi ndi nkhani ina, muuzeni choncho. Koma otsalawo musasiye opanda pepala. Chiwerengero, mtengo, tsiku lodzatenga, asayine, mujambule pa foni.

aBanda, Tete: Pepala lokha silikupulumutsani. Ine anga ndinasiya pa galeriya ina kuno mumzinda mwezi wa Okutobala, iwo n'kuwayala pawindo kuti aoneke bwino. Dzuwa la Tete mukulidziwa, madigiri 40 kupitirira. Guluu wa pamsana anafewa, chikuto chinapindika, ukatsegula masamba n'kumangothothoka. Mwini malo akuti funsani a gráfica, a gráfica akuti ife sitilamula dzuwa. Pepala losayina ndili nalo mpaka lero, ndalama ayi. Kwanu ku Angónia n'kozizira, koma chinyezi cha dzinja ndi chiswe sizisiya buku. Otsala bwererani nawo kunyumba.

aJere: N'chifukwa chake ndikuti agule pakhomo. Sipakhala otsala.

aPhiri, Furancungo: Za ndalama ndamva, ine langa ndi lina. Pakhomapo pali zigoba kapena zithunzi za gule? Nanga nthano zanu zikufika kudambwe? Chichokereni 2005 pomwe UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia, ena amayesa kuti tsopano zonse n'zokamba pagulu. Kwathu kuno wotsogolera macheza, mnyamata wa kutauni, anakakamira mlembi kuti afotokoze zamkati mwa mwambo, amayi ndi ana ali pomwepo. Akuluakulu sanayankhule. Anangotola zipewa n'kutuluka, anthu n'kuwatsata, tebulo la mabuku osaliyang'ana n'komwe. Mafunso muwaone Lachisanu, ndipo maiki asamangoyenda m'manja mwa aliyense.

Nangozo, Tsangano: Zoona a Phiri. Chinanso, alembi atatu mukapatsana mphindi 40 aliyense, dzuwa lipendeka, a kutali athamangira chapa yomaliza. Werengani pang'ono, mupumire pakati, kugulitsa kuchitike pamenepo anthu akuzungulira zithunzi. Nambala yolandirira ndalama pa foni ya M-Pesa ndi e-Mola ikhale yanu, osati ya mwini malo. Ndipo a ku Dedza akabwera kudzera pa chipata cha malire cha Calómuè ndi makwacha, chenjerani, mtengo wosinthira wa m'mawa si wa madzulo.

aJere: Kupumira pakati ndiye kuwatsegulira njira yothawa. Pakhomo, mayi. Pakhomo basi.

Mphunzitsi wa ku Dómuè: A Jere, munthu amagula mbuzi ili m'thumba? Mayi, tsiku mwasankhalo aphunzitsi akhala atalandira? Ogula enieni ndi ife a ensino bilingue (maphunziro a zilankhulo ziwiri), mabuku owerenga a ana m'chilankhulo chathu ndi osowa. Koma akafika adzatsegula tsamba loyamba kuona ngati mwalemba ndi c wa kuno kapena ch wa ku Malawi. Ngati ndi ch, yankho mulikonzeretu.

aBanda, Tete: Ayi ayi, za c ndi ch musayambitsenso, tinatha sabata osagwirizana.

aPhiri, Furancungo: Owerenga anga ambiri amamvera mawailesi a ku Malawi ndipo Baibulo lawo ndi la ch. Ndisinthe chifukwa cha sukulu?

Nangozo, Tsangano: Kodi alipo akupita ku Tete Lolemba? Ndili ndi makatoni awiri akudikira ku gráfica.