Amayi asanu ndi awiri, adiresi imodzi: ana awa ndilembe kuti amakhala kuti?

Wofufuza wa ku Johannesburg:
Akuluakulu, ndabwera ndi mtolo, ndithandizeni kutula. Ndili m'gulu lochita kafukufuku pa mabanja a Amalawi kuno ku Joni. Tikufuna kuona ngati dera limene banja likukhala limakhudza thanzi la ana osakwana zaka zisanu. Timayeza msinkhu, sikelo ndi mkono, timaona katemera, kenako mwana aliyense timamulumikiza ku dera lake. Pa derapo ndi pamene pandikanika.

Sabata ino powerenga mafomu ndapeza kuti amayi asanu ndi awiri anapereka adiresi imodzi ya ku Mayfair. Lachinayi ndinapitako. Ndi shopu ya nsalu, mulibe ngakhale kachipinda kogona. Mayi wina tinacheza bwinobwino, mwana ndinamuyeza akuseka, koma titangofika pa funso la adiresi anabereka mwana wake n'kunena kuti wasiya ndiwo pamoto. Sanabwerenso. Tsopano otsogolera kafukufuku akuti ndizitenga GPS pakhomo la aliyense. Mtima wanga ukukana, koma ndikanenako chiyani?

Chinanso, ana ambiri alibe kabuku ka katemera ka kuno, ka Road to Health. Amayi akuti ka kusikelo kanatsala kumudzi. Fomu ikundiuza kuti ndilembe kuti sanabayidwe.

Wa za chisamaliro cha anthu, Cape Town:
Achemwali, amayiwo sakukuchitani mwano. Adiresi ya shopuyo mwina ndi ya abwana a amuna awo, kapena ya mnzawo amene ali ndi mapepala, ndipo ndiyo anatsegulira khadi ku kiliniki. Anailoweza pamtima, aliyense wobwera ndi fomu amamupatsa yomweyo. Munthu amene mlamu wake anagonapo ku Lindela, kumene amatsekera anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo, sasiyanitsa fomu ya yunivesite ndi ya Home Affairs. Nawonso anaona mu 2022 a Operation Dudula, gulu lothamangitsa anthu obwera, ataima pachipata cha chipatala cha Kalafong ku Pretoria, akubweza odwala.

Ine ndisanatulutse cholembera ndimayamba ndawapatsa chinthu choti apite nacho. Ndimawauza kuti gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mwana aliyense ufulu wa chithandizo cha kuchipatala, silinena za mtundu. Ndipo mu Epulo 2023 khothi lalikulu ku Johannesburg, pa mlandu umene anakasuma a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la SECTION27, linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Ambiri sadziwa. Mukawafotokozera m'chinenero chawo, nkhope zimamasuka.

GPS pakhomo ayi ndithu. Foni yanu akakutsomphola pa Bree mawa, wakubayo watenga mndandanda wa nyumba za anthu opanda mapepala.

Wa manambala, Zomba:
Pa GPS ndivomerezana nawo anzanga a ku Cape Town, ndipo ndikupatsani chokawayankha akuluakulu anu. Kafukufuku wa DHS, wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo amene amachitika m'mayiko ambiri ndipo tonse timamudalira, satulutsa malo enieni. Amatenga pakati pa kadera kamene anawerengamo anthu, n'kusuntha dala mpaka makilomita 2 m'tauni, mpaka 5 kumidzi. Anthu alemba mapepala ochuluka ndi manambala osunthidwawo. Inu chimene mukufuna ndi wadi, ndipo Johannesburg ali ndi mawadi 135. Nambala ya nyumba simukuifuna. Komanso lamulo la ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, la POPIA, limati utenge zokhazo zofunika pa ntchito yako, ndipo nkhani za thanzi ndi za ana limaziteteza mwapadera.

Funsani chizindikiro chapafupi: renki ya taxi, mzikiti, tchalitchi, sukulu. Kenako funsani kuti ndi mphindi zingati wapansi. Wadi mukaipeza nokha ku ofesi.

Mphunzitsi wa za chikhalidwe cha anthu, Leeds:
Zonsezi ndi zoona, koma ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono, chemwali. Mukapeza wadi yolondola, mwapeza dera la mwanayo?

Maganizo akuti dera limaumba moyo wa mwana ambiri tinawatenga kwa Robert Sampson ndi anzake, amene anafufuza ku Chicago n'kulemba mu 1997 za mphamvu ya anansi okhulupirirana, oti mwana wa mnzawo akalakwa amalowererapo. Koma iwo amaganiza za banja lokhala malo amodzi nthawi yaitali. M'kati mwa Joni wadi imodzi muli fulati ya mlonda pageti ndi madzi otentha, ndipo kuseri kwake kuli nyumba yolandidwa, yodulidwa zipinda ndi mabolodi ndi makatani, yopanda madzi, anthu akuphikira parafini. Kumbukirani nyumba ya Usindiso ku Marshalltown imene inapsa pa 31 Ogasiti 2023, anthu 76 anafa, Amalawi ali momwemo. Ana a m'nyumba ija ndi ana a m'fulati yoyandikana nayo pa mapu anali a dera limodzi. Mpweya umene ankapuma unali wosiyana.

Ndiye funsani za nyumba. Mumagona angati m'chipinda? Madzi mumatunga kuti? Chimbudzi mumagawana mabanja angati? Mumaphikira chiyani, zenera lilipo? Mayi akapita kuntchito mwana amaswera kwa ndani? Funso lomalizali lingakudabwitseni. Mwana akhoza kugona ku Mayfair koma tsiku lonse ali pa kireshi ya m'galaja kwina.

Ndipo pali china chimene chikundidetsa nkhawa kuposa adiresi. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuyambira pathupi kufika zaka ziwiri. Mwana wa zaka zitatu amene wafika kuchokera ku Mangochi miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, msinkhu wake ndi wa ku Mangochi. DHS ya ku Malawi ya 2015-16 inapeza ana 37 pa 100 ali opinimbira, ya ku South Africa ya 2016 inapeza 27 pa 100. Mukamulemba mwanayo pa Mayfair, mwasenzetsa Mayfair katundu wa kwina.

Wofufuza wa ku Johannesburg:
Aphunzitsi, apa mwandigwira. Fomu yathu imangofunsa chaka chimene mayi anafika, osati mwana. Ndipo alipo ambiri amene anabadwira kuno, anapita kwa agogo atasiya kuyamwa, abweranso.

Mphunzitsi wa za chikhalidwe cha anthu, Leeds:
Mujambule kalendala ya mwana, mwezi ndi mwezi, kuyambira pathupi. Musafunse madeti, palibe amene amawakumbukira. Funsani kuti Ramadani yapitayi anali kuti, Khirisimasi anadyera kuti, anayamba kukwawa muli nyumba iti. Amayi zimenezo saiwala. Funsaninso za ana amene ali kumudzi ndi chifukwa chimene anapitira. Ngati mwana wodwaladwala ndiye amatumizidwa kwa agogo, otsala amene mukuwayeza adzaoneka athanzi kuposa mmene zinthu zilili, inu n'kulemba kuti dera ndi labwino.

Wa manambala, Zomba:
Aphunzitsi, pang'ono pokha. Kalendalayo ndi yabwino, koma achemwaliwa ali pakati pa ntchito. Akasintha mafunso lero, mafomu akale ndi atsopano sadzalankhulana. Ndipo nyumba ndi dera tisazisakanize. Kutalika kwa kiliniki, zinyalala zosatoledwa, utsi wa msewu, izi ndi za dera ndithu. Zonse ziwiri zikhale, chilichonse pa mzere wake. Funso lakale la adiresi musalifufute mu kompyuta, koma muike chizindikiro kuti silinatsimikizike. Ndipo musasinthe kanthu a komiti ya ethics, yoona kuti kafukufuku akulemekeza ufulu wa anthu, asanavomereze polemba.

Mphunzitsi wa za chikhalidwe cha anthu, Leeds:
Ndavomera, bambo. Zikhale zonse ziwiri. Koma akakhala ndi ndalama zobwerera kwa mabanja akale, ayambe ndi kalendala.

Namwino wa kusikelo, Mangochi:
Ndachedwa, kuno netiweki inavuta. Ndiyankhe za katemera, chifukwa ana amenewo ambiri anadutsa m'manja mwathu.

Mwana wanga, wopanda kabuku musamulembe kuti sanabayidwe. Muike mayankho atatu: ndaona kabuku, mayi wanena pakamwa, sizikudziwika. Kabuku kamatsala kumudzi pa zifukwa zomveka. Ena amaopa kuti akagwidwa nako panjira kaulula kumene achokera, ena agogo amakasunga mu sutukesi limodzi ndi mapepala a munda. Muuzeni mayiyo aimbe kwawo, wina ajambule masamba a katemera, atumize pa WhatsApp. Kuno timaziona tsiku ndi tsiku, agogo kubwera ndi mdzukulu wa foni kuti tiwaonetse tsamba loyenera. Mukawerenga, chithunzicho chikhale m'foni ya mayi, inu musatenge, pali dzina ndi mudzi.

Chenjerani ndi chikuku. Kuno timabaya pa miyezi 9 ndi 15. Kumeneko amabaya pa miyezi 6 ndi 12. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu wochokera kuno alibe katemera wa chikuku, koma mayi ake sanaphonye kanthu. Mukamuyeza ndi ndondomeko ya kumeneko mudzalemba kuti Amalawi amanyalanyaza ana. Lembani kuti mwana anali dziko liti pa mwezi umene amayenera kubayidwa. Kalendala ya aphunzitsi ija ithandizanso pamenepa. Chipsera cha BCG pamkono chingakuuzeni za katemera mmodzi yekhayo, osati enawo.

Ndipo kafukufuku asakuiwalitseni mwana amene ali patsogolo panu. Mkono ukapezeka pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri atupa moti mukadina chala pakutsala kadzenje, siyani fomu, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mayi akuopa pachipata, mumuperekeze.

Wa za chisamaliro cha anthu, Cape Town:
Amayi anena zoona. Ndionjeze chimodzi: Amalawi ambiri a ku Mayfair ndi Fordsburg ndi Ayao a ku Mangochi ndi Machinga. Chichewa amamva, koma za mwana amamasuka nazo m'Chiyao, ndipo ena sayankha amuna awo asanavomere. Pezani mayi wa pakati pawo amene amamudalira, mumulipire ngati wantchito, osati kungomuthokoza.

Wofufuza wa ku Johannesburg:
Ndabweranso patatha masabata atatu. A komiti avomera kusintha, ndipo nkhani ya DHS ndiyo inawafewetsa otsogolera, GPS yachotsedwa. Tapeza mayi wa Chiyao amene amaphikira maukwati, tikuyenda naye.

Dzulo tinakumana ndi mayi wa ndiwo pamoto uja, pampopi wa kuseri kwa nyumba ina. Anandizindikira, anafuna kutembenuka, mnzangayo anamulonjera m'Chiyao n'kumufunsa kwawo. Tinakhala pa makatoni. Sindinafunse adiresi. Kalendala yaonetsa kuti mwanayo ali ndi zaka ziwiri ndi theka, wakhala malo asanu, ndipo pafupifupi chaka chathunthu anali kwa agogo ake. Chithunzi cha kabuku chinafika tili pompo. Katemera yense analandira, wa chikuku kawiri.

Bambo a ku Zomba, funso langa tsopano ndi ili: mwana wa malo asanu ameneyu ndimuike pa wadi imene wakhalitsa, kapena ndigawe miyezi yake pa mawadi onse?

Wa manambala, Zomba:
Gawani miyezi. Mwezi uliwonse ukhale mzere wake, ndipo miyezi ya kumudzi muipatse nambala yakeyake. Pa msinkhu mudzawerenga miyezi ya pathupi mpaka zaka ziwiri, pa chifuwa ndi kutsekula m'mimba mudzaona kumene wagona masabata awiri apitawa. Nditumizireni fomu yopanda kanthu madzulo ano, ndikukonzereni mizereyo.