Virtual camera pa desktop: ndiike pulogalamu iti?

Mayi a Tadala, Rosettenville: Moni abale kuno ku Joni. Tili ndi desktop ya Core i5, RAM 8GB, Windows 10, yopanda graphics card yapadera, ndi webcam ya Logitech C270. Tikufuna kuti pa Zoom nkhope ya mphunzitsi ndi ma slide zizioneka pamodzi. Ena akuti ManyCam, ena OBS, ena Snap Camera. Yaulere yodalirika ndi iti?

Bambo a Yamikani, Turffontein: Snap Camera iwalani mayi, eni ake anaitseka mu January 2023. ManyCam ndi XSplit VCam zaulere zimadinda chizindikiro chawo pa chithunzi. NVIDIA Broadcast imafuna khadi la RTX, lomwe inu mulibe. Tengani OBS Studio, ndi yaulere ndipo virtual camera (kamera ya mu pulogalamu, imene Zoom imaiona ngati webcam) ilimo kale kuyambira version 26. Pa Sources onjezani Video Capture Device, musankhe C270, kenako Window Capture ya PowerPoint. Nkhopeyo ichepetseni, muikankhire pakona. Pa Settings, Video, ikani 1280x720 ndi 30 fps. C270 imalekera pa 720p, ndiye 1080p n'kungotopetsa kompyuta pachabe. Dinani Start Virtual Camera, mukatero tsegulani Zoom n'kusankha OBS Virtual Camera.

Mayi a Tadala: Zikomo bambo. Ndaika, koma ma slide okha ndi amene akuoneka, pa nkhope pali mdima.

Bambo a Yamikani: Zoom inayamba kugwira webcam, ndipo kamera imodzi siigwidwa ndi mapulogalamu awiri nthawi imodzi. Tsekani Zoom yonse, ndi pansi pafupi ndi wotchi pomwe. Mu OBS dinani Deactivate kenako Activate pa kamerayo. Mukadzaona chizindikiro cha OBS m'malo mwa chithunzi, ndiye kuti simunadine Start.

Achimwene a ku Yeoville: Chimene ambiri amakodwa nacho ndi mawu. Virtual camera imanyamula chithunzi chokha. Ngati ndi kulankhula basi, maikolofoni musankhe mu Zoom momwemo. Koma mukamaonetsa vidiyo kuchokera mu OBS, ikani VB-Cable, pulogalamu yopititsa mawu kuchokera mu OBS kupita mu Zoom: mu OBS Monitoring Device ikhale CABLE Input, pa Advanced Audio Properties musankhe Monitor and Output, ndipo mu Zoom maikolofoni ikhale CABLE Output. Maikolofoni ya mphunzitsi idutsenso mu OBS, apo ayi sadzamveka.

Anti a ku Berea: Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Zoom imafinya kwambiri chithunzi cha kamera kuposa Share Screen, moti timalemba ting'onoting'ono timafufutika kwa oonera pa foni. Ngati ma slide ali odzaza manambala, Share Screen ndiye yabwino. Mukakakamira OBS, kulitsani zilembo. Komanso chithunzi chikamaphethira pansi pa magetsi, pa Configure Video ya kamerayo mu OBS ikani PowerLine Frequency pa 50 Hz, ndiwo magetsi a kuno. Zilembo zikaoneka zotembenuka kwa inu musade nkhawa, enawo akuziona bwino. Chotsani Mirror my video mu Zoom.