Masamba a dogwood wanga akupsa m'mphepete, ndithandizeni

Abale ndi alongo, makamaka inu a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndigawireniko nzeru. Chaka chatha alamu anga anandibweretsera mbande ya mtengo wa dogwood kuchokera ku Joni. Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi kum'mawa kwa America, ndipo umachita maluwa oyera masamba asanaphuke. Popeza umafuna nyengo yozizira kuti uchite maluwa, ndinati chisanu chathu chino cha mu Juni ndi Julaye chiukomera.

Ndinaubzala kuseri kwa nyumba pa dothi lakatondo, ndipo dzinja lonse unakula mosangalatsa. Mavuto ayamba mu Okutobala muno. Masamba akupsa m'mphepete n'kumapiringizika ngati fodya wa m'chigafa, pakati pokha ndi pomwe patsala pobiriwira. Ndimathirira ndowa imodzi madzulo aliwonse, koma likamafika masana dothi limakhala litauma gwa, chonsecho mizu yake imayenda pamwambamwamba.

China chondidetsa nkhawa ndi ichi: mayi a kunyumba akhala akuthira phulusa patsinde pofuna kuthamangitsa chiswe. Anachita ndi mtima wabwino, sindingawadzudzule, koma mtengowu umakonda dothi la asidi, ndipo phulusa limachepetsa asidiyo. Ndiye chaupweteka n'chiyani, phulusa kapena dzuwa lamasana?

Masamba ouma a paini ndi osasowa kuno, koma ndikaphimbira nawo sindiitana chiswe chomwecho? Nanga kuusamutsira pa mthunzi wa mpichesi, ndidikire mvula ya mu Disembala kapena Juni utayoyola masamba? Amene munaubzalapo, munatani?